Chifukwa Chimene Theka la Kalasi Yanga Lili pa Foni

Mwa ophunzira anga a chaka chatha munali bambo ena a ku Mangochi, mlonda pa nyumba zina za mumpanda ku Randburg, dera lina la Johannesburg. Ntchito ankalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa. Tsiku lina nditadzuka ndinapeza chithunzi pa WhatsApp chimene anatumiza cha m'ma 2 koloko usiku. Chinali cha m'kanyumba ka alonda: katebulo, buku lolembamo magalimoto olowa ndi otuluka, fulasiki ya tiyi, kope la maakaunti lili chitsegulire. Pansi pake analemba kuti: "Aphunzitsi, vidiyo yachitatu ija ndaionera kanayi. Zonse ndikumva, koma pa reducing balance paja, mukafika pa depreciation ya chaka chachiwiri, m'pamene mutu ukuima."

Depreciation ndi kutsika kwa mtengo wa katundu chaka ndi chaka, ndipo reducing balance ndi njira ina yowerengera kutsikako. Ndinawayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri ndili pa mzere wa tekisi. Kenako ndinatsegula Moodle, pulogalamu imene koleji yathu imasungirapo maphunziro, kuti ndione mmene anzawo anakhozera kamayeso ka sabata imeneyo. Ambiri anali atapunthwa pa funso lomwelo. Loweruka titakumana sindinayambire pa tsamba loyamba la mutuwo. Tinayambira pomwe panavuta anthu, ndipo tinakhalapo ola lathunthu.

Ndimaphunzitsa maakaunti pa koleji ina kuno ku Johannesburg, ndipo ophunzira anga ambiri ndi anthu apantchito: Amalawi, Azimbabwe, eni dziko, ena a ku Congo. Kwa zaka zingapo ndinkaphunzitsa monga momwe nanenso anandiphunzitsira, kuima kutsogolo, kulankhula maola awiri, iwo n'kumalemba. Lero kufotokoza kwanga kochuluka kuli pa intaneti, ndipo tikakumana maso ndi maso timagwira ntchito ina. Pa Chingerezi njirayi amaitcha blended learning, ine ndimangoti kuphunzitsa mosakaniza. Anzanga kutchalitchi ndi m'kagulu kathu kothandizana pa maliro amandifunsa kawirikawiri ngati imeneyi ndi sukulu yeniyeni. Mayi ena anandiuza mosabisa kuti mwana wawo sangamulipirire "digiri ya pafoni". Nkhawa yawo ndi yomveka. Ndalama ya fizi kuno imapezeka ndi thukuta, choncho ndiyenera kufotokoza bwinobwino.

Pali zinthu zimene anthu amaziphatikiza koma n'zosiyana. Maphunziro a pa intaneti okhaokha ndi aja oti wophunzira sapondako n'komwe kusukulu, mwina kupatula pa mayeso. Osakaniza ndi oti gawo lina limachitika pa intaneti, lina m'kalasi, ndipo magawo awiriwo anakonzedwa kuti azidalirana. Ndiye pali zimene tinaona mu 2020. Dziko la South Africa linatseka zonse pa 27 Malichi chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19, ndipo m'masabata ochepa mayunivesite anasamutsira maphunziro pa intaneti. Aphunzitsi ambiri anangotenga lekicha ya maola awiri n'kumailankhula pa Zoom, ena kuponya ma PDF n'kukhala chete. Anthu ambiri amene safuna kumva za maphunziro a pa intaneti amakumbukira nyengo imeneyo, ndipo sindiwaimba mlandu. Kunali kuthawa moto, munthu kutuluka ndi chimene wagwira. Akatswiri a maphunziro anazipatsa dzina lakelake, emergency remote teaching, kuti zisasokonezedwe ndi kosi imene yakonzedwa modekha kwa miyezi.

Kuphunzira uli kutali si kwachilendo kwa ife Amalawi. Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, pambuyo pake n'kusintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education. Makolo ndi achimwene athu ambiri amene sanasankhidwe kupita ku sekondale ya boma anapeza JC ndi MSCE kudzera ku MCDE, powerenga timabuku tobwera pa positi ndi kumvera maphunziro pa wailesi. Masukulu ambiri amene lero timati ma CDSS anali malo a MCDE mpaka cha mu 1998. Kuno nakonso nkhaniyi ndi yakale. Yunivesite ya Unisa, imene likulu lake lili ku Pretoria ndipo ili ndi kampasi ku Florida kuno ku Johannesburg, inayamba kuphunzitsa anthu pa makalata mu 1946, ndipo lero ili ndi ophunzira oposa 300,000. Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo ku Unisa ali m'ndende.

Timabuku ta pa positi tija tambiri tinali tolembedwa bwino, mwinanso kuposa manotsi a m'kalasi. Chinkapweteka chinali kudikira. Amalume anga ankatumiza ntchito yawo n'kudikira mwezi kapena kuposerapo kuti ibwere yochongedwa. Pofika nthawi imeneyo anali ataiwala chimene ankaganiza polemba, ndipo cholakwika chija anali atachibwereza kale m'ntchito zina ziwiri. Chachikulu chimene intaneti yasintha n'chakuti yankho limene linkatenga mwezi likhoza kufika tsiku lomwelo.

Kutalikirana kwenikweni

Michael G. Moore, amene anayamba kufufuza za maphunziro a patali m'zaka za m'ma 1970, ananena kuti mtunda umene umasokoneza kuphunzira suyezedwa ndi makilomita. Anautcha transactional distance, kutanthauza mpata umene umakhalapo pakati pa maganizo a mphunzitsi ndi a wophunzira. Mpatawu umachepa awiriwa akamakambirana mobwerezabwereza. Umakula kosi ikakhala youma, yosapindika, yoti aliyense angotsata mzere umodzi kaya wamva kaya sanamve. Ndipo mpata ukakula, wophunzira amafunika kukhala wodziyendetsa yekha kwambiri kuti asagwe m'njira.

Ganizirani holo ya chaka choyamba pa yunivesite yaikulu, muli anthu mazana angapo, lekichala ali kutsogolo ndi maikolofoni. Mtsikana amene wakhala pa mzere womaliza ali m'chipinda chimodzi ndi mphunzitsi wake, koma chaka chikhoza kutha mphunzitsiyo asanamvepo mawu ake, asanaonepo mmene amaganizira akamasova funso. Bambo a ku Randburg aja anali kutali nane, usiku, okhaokha, koma ndinkadziwa ndendende pamene nzeru yawo inakodwa. Pa awiriwa, amene anali pafupi ndi mphunzitsi ndi mlonda uja. Maganizo anga onse pa kaphunzitsidwe atsamira pamenepa.

Lekicha monga tikuidziwira inachokera nthawi imene mabuku anali osowa. Liwulo linachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake ndi kuwerenga. M'mayunivesite akale a ku Ulaya, makina osindikizira asanabwere, mphunzitsi ankawerenga buku mokweza ophunzira n'kumakopera. Amene tinaphunzira sukulu za kumudzi timazidziwa bwino: buku limodzi kalasi yonse, aphunzitsi kudzaza bolodi, ife kukopera mpaka zala kuchita matuza. Inali nzeru yoyenera nthawi yake. Koma lero manotsi amenewo akhoza kulowa m'foni ya aliyense. Ndiye anthu akasiya ntchito ndi ana, n'kulipira matekisi kuti tikumane, tiyenera kuchita chimene sangachite ali okha.

Kumvetsera akhoza ali okha, ndipo amamvetsera bwino kuposa m'kalasi, chifukwa vidiyo imaimitsidwa ndi kubwezedwa m'mbuyo. Mphunzitsi ali kutsogolo sungamuuze kuti abwereze kanayi. Kwa ife amene Chingerezi ndi chilankhulo chachiwiri kapena chachitatu, zimenezi n'zazikulu. Chimene sangachite ali okha ndi kulakwitsa pamaso pa munthu amene angaone cholakwikacho, kutsutsana ndi mnzawo, kufotokoza yankho ndi pakamwa mpaka iwo eni atamva pamene likutsimphina.

Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard, anazindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ophunzira ake, amene ankakhoza bwino masamu a pa mayeso, ankalephera mafunso ooneka osavuta ofuna kumvetsa chimene chikuchitika kwenikweni. Anasintha kaphunzitsidwe. Ophunzira aziwerenga asanabwere, m'kalasi iye n'kufunsa funso, aliyense n'kusankha yankho, kenako n'kutembenukira kwa mnzake wa yankho losiyana kuti amukope. Mu 2007 aphunzitsi awiri a kemisitiri pa sekondale ina ku Colorado, Jonathan Bergmann ndi Aaron Sams, anayamba kujambula maphunziro awo kuti ana ophonya makalasi azionera kunyumba, ndipo ntchito yawo inafalitsa dzina lakuti flipped classroom, kalasi yotembenuzidwa: kufotokoza kunyumba, homuweki m'kalasi. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 225 wa makosi a sayansi, masamu ndi uinjiniya m'mayunivesite. M'makalasi a lekicha yokhayokha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera. M'makalasi amene ophunzira ankagwira ntchito ndi kukambirana, olephera anali pafupifupi 22 pa 100. Kafukufukuyu ankanena za zochitika m'kalasi, osati za intaneti. Koma kuti nthawi yochitira zimenezo ipezeke, kufotokoza kuyenera kusamukira kwina, ndipo kumene ndimakusamutsira ine ndi pa foni.

Mmene sabata imayendera

Lolemba ndimatsegula mutu wa sabata, mavidiyo atatu kapena anayi, iliyonse ya mphindi 5 mpaka 7. Philip Guo ndi anzake atafufuza mu 2014 mmene anthu ankaonerera mavidiyo a edX, webusaiti ya makosi a pa intaneti, anapeza kuti chidwi chinkatsika kwambiri vidiyo ikapitirira mphindi 6. Chifukwa china cha ufupiwu ndi data. Nkhope yanga ndimaijambula sabata yoyamba yokha, kuti andidziwe. Kuchokera pamenepo ndimajambula dzanja likulemba papepala, n'kuchepetsa fayilo kuti idutse pa WhatsApp. Vidiyo iliyonse ili ndi inzake ya mawu okha ndi tsamba limodzi lolembedwa, kuti amene bandulo yamuthera asatsalire.

Pofika Lachinayi usiku aliyense ayenera kuyankha kamayeso ka mafunso 8 kapena 10. Malikisi ake ndi ochepa kwambiri, ndipo munthu akhoza kubwereza. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anasonyeza mu 2006 kuti munthu amene wadziyesa pokumbukira zimene wawerenga amazisunga nthawi yaitali kuposa amene wangoziwerenganso. Kuphunzira pang'onopang'ono masiku osiyanasiyana nakonso kumakhazikika kuposa kupanikiza zonse usiku umodzi mayeso ali mawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kamayesoko kamandithandizanso ineyo, chifukwa ndi kamene kamandiuza choti ndikachite Loweruka.

Loweruka timakumana kuyambira 9 koloko mpaka 12. Ena amafika atavala yunifolomu ya kuntchito, ena mwana ali kumbuyo. Ndimaika funso limodzi pa bolodi, lochokera pomwe ambiri anagwa. Aliyense ayankhe payekha kaye, kenako m'magulu a anthu anayi. Apa phokoso limakwera ndipo zilankhulo zimasakanizika: pakona iyi Chizulu, apo Chishona, apa Chichewa ndi Chiyao. Ine ndimangoyenda pakati pawo n'kumamvetsera. Tsiku la depreciation lija ndinamva mtsikana wina wa ku Ntcheu akuuza bambo a ku Mangochi aja kuti, "Bambo, taganizani njinga yamoto ya kabaza. Mwagula chaka chino. Chaka chamawa mukafuna kuigulitsa sangakupatseni ndalama yomwe ija. Ndiye chaka chachiwiri musawerengere pa mtengo wogulira, werengerani pa umene watsala." Bambo aja anaika cholembera pansi n'kuti, "Aa! Mwanawe, basi ndi zomwezo?" Ine ndinali nditafotokoza zimenezo m'vidiyo ndi mu uthenga wa mawu, koma chinatsegula mutu wawo chinali njinga ya kabaza m'kamwa mwa mnzawo. Mu lekicha ya maola awiri mtsikanayo sakanapeza mpata wolankhula.

Pali chinanso chimene sindinkayembekezera. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sudula mawu, ndipo ambiri, makamaka amayi, amachita manyazi kukweza dzanja pagulu n'kunena kuti sanamve. Timadziwa tonse kuti safunsa anadya phula, koma kudziwa mwambi sikuchotsa manyazi. Pa intaneti anthu omwewo amafunsa. Amalemba, kufufuta, kulembanso, mpaka funso litakhala bwino, n'kutumiza. Ena mwa mafunso akuthwa amene ndalandirapo anachokera kwa anthu amene m'kalasi ndinatha mwezi osamva mawu awo.

Mzinda uno nawo uli ndi mbali yake pa nkhaniyi. Johannesburg inamangidwa motalikitsa anthu akuda ndi malo a ntchito ndi sukulu. Malamulo a tsankho monga Group Areas Act ya 1950 anakhwimitsa zimenezo, ndipo mtundawo udakalipo mpaka lero. Yunivesite ya Wits ili ku Braamfontein, University of Johannesburg (UJ) ili ndi makampasi ku Auckland Park, Doornfontein ndi Soweto, makoleji ambiri ali m'tauni. Anthu athu ambiri amakhala ku Diepsloot, Cosmo City, Tembisa, Orange Farm. Mayi wa ku Diepsloot amene waweruka 5 koloko ku ntchito ya m'nyumba ku Fourways, kuti akafike kalasi ya madzulo m'tauni ayenera kukwera tekisi, kudutsa m'chipwirikiti cha pokwerera matekisi pa Bree kapena pa Noord, n'kubwerera usiku matekisi atayamba kusowa, foni ndi chikwama zili pa chiswe. Kumuuza kuti azichita zimenezi kanayi pa sabata n'chimodzimodzi kumuuza kuti asaphunzire. Kamodzi pa sabata akhoza. Zionetsero za FeesMustFall zimene zinayambira ku Wits mu Okutobala 2015 zinali za fizi, ndipo dandaulo lake linali loona. Koma pali mtengo wina wa maphunziro umene sulembedwa pa risiti: thiransipoti, shifiti imene wataya, ndalama ya wokusungira mwana. Mu 2014 boma la kuno linatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuti maphunziro a patali akule m'mayunivesite ena, osati ku Unisa kokha. Anthu amene ndondomeko yotere ingawapindulire ndi ngati mayi a ku Diepsloot amenewa.

Walira mvula walira matope

Njirayi ili ndi matope ake, ndipo ena ndi akuya.

Unduna wa zamaphunziro wa ku America unatulutsa lipoti mu 2009, lokonzedwanso mu 2010, losonkhanitsa kafukufuku wambiri, ndipo linapeza kuti ophunzira a makosi osakaniza ankakhoza bwinoko kuposa a m'kalasi mokhamokha. Ogulitsa mapulogalamu a kompyuta amakonda kutchula mfundo imeneyi. Koma olemba lipotilo anachenjeza okha kuti makosi osakanizawo nthawi zambiri ankapatsa ophunzira nthawi yochuluka ndi zipangizo zowonjezera, choncho munthu sanganene kuti phindulo linachokera ku kompyuta. Chenjezo limeneli ndimalisunga. Mu 2012 kutabwera mawebusaiti a makosi a Coursera, edX ndi Udacity, ambiri ankaganiza kuti makosi aulere a mayunivesite otchuka athetsa vuto la maphunziro padziko lonse. Anthu analembetsa miyandamiyanda, koma omaliza nthawi zambiri sankafika 10 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa olembetsawo anali ndi madigiri kale. Mavidiyo anali abwino ndithu, kungoti munthu akasowa panalibe womufunsa kuti wasowa bwanji.

Randy Garrison, Terry Anderson ndi Walter Archer a ku Canada analemba mu 2000 kuti kuphunzira pa intaneti kumayenda pakakhala zinthu zitatu pamodzi: ophunzira azionana ngati anthu enieni, azisinkhasinkha ndi kutsutsana pa nkhani yeniyeni, ndipo mphunzitsi azioneka kuti alipo, akukonza njira ndi kuwongolera. Chachitatuchi n'chimene chimafuna ndalama, ndipo n'chimene sukulu zongofuna phindu zimayamba kuchotsa. Ndinagwirapo ntchito pamalo ena pamene mphunzitsi mmodzi ankapatsidwa ophunzira mazanamazana a pa intaneti, chifukwa choti safuna mipando. Ntchito zawo zinkachongedwa mochedwa, mafunso ankagona sabata osayankhidwa, ophunzira n'kumazimiririka mmodzimmodzi. Kunali kubwerera ku positi ya amalume anga, koma pa fizi yokwera. Zinandiwawa, ndipo ndinachokako.

Kuphunzitsa mosakaniza kukachitika moyenera kumamudyera mphunzitsi nthawi yambiri kuposa lekicha. Lachisanu lililonse ndimaona mayina a amene sanalowe pa Moodle sabata yonse n'kuwaimbira kapena kuwalembera. Yankho limakhala lakuti foni yabedwa, abwana asintha shifiti, mwana wadwala. Nthawi zambiri uthenga umodzi umenewo ndi umene umam'bweza munthu amene anali atayamba kutaya mtima.

Ndiye pali data ndi magetsi. Bungwe la Competition Commission linanena mu Disembala 2019 kuti mitengo ya data kuno inali yokwera kwambiri, makamaka kwa osauka amene amagula timabandulo ting'onoting'ono, ndipo makampani akuluakulu anatsitsako mitengo chaka chotsatira. Nthawi ya Covid-19 mawebusaiti a mayunivesite ambiri ankatseguka osadya data. Komabe munthu amene akusankha pakati pa ufa ndi data adzasankha ufa, ndipo sadzakhala atalakwa. Mu 2023, chaka chimene load shedding inafika poipa kwambiri, magetsi ankazima maola angapo pafupifupi tsiku lililonse, netiweki nayo n'kumagwa. N'chifukwa chake sindikakamiza anthu kulowa pa Zoom nthawi imodzi. Chilichonse chiyenera kukhala choti munthu akapeza Wi-Fi kuntchito, kusukulu kapena ku laibulale, akopere n'kukaonera nthawi yake. Palinso amene alibe ngakhale pakona pachete: chipinda chimodzi anthu asanu, wailesi ikulira, mwana akulira. Kwa iwowa sukulu iyenera kusiya chipinda chotsegula, cha mipando, magetsi ndi Wi-Fi, ngakhale tsiku lopanda kalasi. Koleji imene yasamutsira maphunziro pa intaneti n'kukhoma zitseko yangosenzetsa wophunzira katundu amene inkasenza yokha.

Za kubera mayeso anthu amafunsa kwambiri, makamaka chibwerereni ChatGPT, pulogalamu imene imatha kumulembera munthu mayankho, mu Novembala 2022. Likasa linalipo kale makompyuta asanabwere, koma n'zoona kuti tsopano kubera kwaphweka. Ine timayeso ta pa intaneti ndimatipatsa malikisi ochepa kuti kubera kusakhale ndi phindu, ndipo amene wabera Lachinayi amaonekera yekha Loweruka anzake akamufunsa kuti afotokoze. Mayeso akuluakulu amalembedwa m'chipinda, pamaso pa oyang'anira. Pa ntchito yolemba kunyumba, ndimamuitana mwini wake kwa mphindi zisanu kuti andiuze ndi pakamwa mmene anafikira pa yankho lake. Apa njira yosakaniza imaposa ya pa intaneti yokhayokha, chifukwa ophunzira ndimawadziwa nkhope ndi kaganizidwe komwe.

Si phunziro lililonse limene lingasamuke mofanana. Namwino ayenera kugwira mkono wa wodwala, injiniya ayenera kulowa mu labu, wophunzira uphunzitsi ayenera kuima pamaso pa ana. Msinkhu nawonso uli ndi mbali yake. Mwana wa zaka 18 amene wangochoka ku sekondale, kumene belu ndi aphunzitsi ankamuyendetsa, amafunika kukumana ndi anthu kambiri kuposa bambo wa zaka 40 amene akudziwa chimene wadzera. Kwa wachinyamata, yunivesite ndi malonso opezera anzake ndi kukhwimira nzeru, ndipo sindingafune kumulanda zimenezo. Mayi a "digiri ya pafoni" aja ndinawayankha kuti, "Mayi, mwana wanu chaka choyamba ndi bwino akhale kumene makalasi ndi ambiri. Koma inuyo, amene munasiyira pa MSCE zaka 20 zapitazo, njira iyi ikhoza kukubwezerani kusukulu osasiya ntchito." Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti fizi yake ndi zingati.

Amene akufuna kulembetsa asamale, chifukwa makoleji achinyengo alipo, ndipo pa intaneti savutika kubisala. Koleji ya pulaiveti iyenera kukhala yolembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, imene imatulutsa mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Pulogalamu ya digiri kapena dipuloma ya maphunziro apamwamba iyenera kuvomerezedwa ndi Council on Higher Education ndi kulembedwa ku South African Qualifications Authority (SAQA). SAQA yomweyo ndi imene imaunika satifiketi zochokera kunja monga MSCE. Ngati pepalalo mudzakaligwiritse ntchito kumudzi, funsaninso ku National Council for Higher Education ku Lilongwe musanalipire. Mukatsimikiza zimenezo, funsani mafunso amene salembedwa pa zikwangwani: ndikatumiza funso amayankha ndani, patapita masiku angati? Mphunzitsi mmodzi ali ndi ophunzira angati? Maso ndi maso timakumana kangati, ndipo tikakumana timachita chiyani?

Mtsikana wa ku Ntcheu uja, mayi ake aang'ono anamwalira pakati pa semesita. Anakwera basi pa Park Station, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kumudzi, ulendo wa masiku awiri. Anakhalako masabata atatu, chifukwa maliro ataikidwa panali zokambirana za ana amasiye. Nthawi imene ndinkaphunzitsa ndi lekicha yokha, munthu wotere semesita inali itamuthera. Ndaona ambiri akubwerera n'kupeza kuti atsalira mitu itatu, n'kusiya. Iye asananyamuke anakopera mavidiyo a masabata atatu pa Wi-Fi ya kusukulu. Timayeso ankayankha akapita pa boma kumene netiweki imagwira bwino, ndipo anzake a m'gulu lake, kuphatikizapo bambo a ku Mangochi, ankajambula bolodi Loweruka lililonse n'kumutumizira. Makalasi atatu anawaphonya ndithu, ndipo zinaoneka. Atabwera tinakhala ola ndi theka kalasi itatha, kukonza mutu wa bank reconciliation (kufananitsa mabuku a ndalama ndi sitetimenti ya kubanki) umene unamuvuta. Mayeso a mu Juni analemba limodzi ndi anzake.